Ng'oma ya Namapiko

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike. Mpanje, yamba. Gunda, yankha chapansipansi. Mbalule, iwe dikira kaye, nthawi yako ikubwera. Amayi konzani kukhosi, ana khalani kutsogolo pomwe mungaone, pakuti bwalo la lero ndi la Namapiko, mwana wa Nambozi, mdzukulu wa Kadzira, wa m'mudzi wa Kunsi-kwa-Tsamba.

Inu a Gulugufe, Chitenje-chouluka, Nsalu-yosapita-kwa-telala, Wotchena-osabwereka, Wolawa-ndiwo-ndi-mapazi, Womwera-bango-lopinda, Wobadwa-kawiri, Woyenda-mokhotakhota ngati wochokera kumowa koma osaphonya duwa, terani pano mumve mayina anu. Wokuitananiyo ndine, mphunzitsi wopuma wa ku Kasungu, amene choko chinandiyeretsa zala zaka 27. Ndili ndi ngongole kwa inu, ndipo lero ndiibweza ndi ng'oma.

Ngongoleyo ndinakaikumbukira kutali, ku London, kumene ndinapita kukazonda mwana wanga ndi kukalera adzukulu. Tsiku lina sukulu ya mdzukulu inafuna makolo operekeza ana ku London Zoo, amake ali kuntchito, ndiye anandilembetsa ine. Ana 30 a zaka 5, atavala timajekete tachikasu towala, awiriawiri manja atagwirana, phokoso ngati mpheta pa mapira. Malowo ndi akale, anatsegulidwa mu 1828 ku Regent's Park, ndipo mu 1881 ndi iwo anayamba padziko lonse kumangira tizilombo nyumba yoti anthu azikationerako. Tizilombo, abale, nyumba! Agogo anga akanamva akanati kumeneko anthu asowa chochita. Mu 2006 anawonjezera ina yotchedwa Butterfly Paradise, youmbidwa ngati chimbozi chogona pa udzu, chachitali kuposa basi. Mwana amalowa m'mimba mwa mbozi kuti akaone gulugufe. Amene anaganiza zimenezo, gunda, mupatse ziwiri: gu, gu.

Kunja kunali chiperoni cha kwawoko, kamvula kosatha, mphepo yolowa m'mafupa. Titangokankha makatani a pulasitiki pakhomo, ndinangoti ndafika ku Salima mu Novembala. Magalasi anga anachita mbuu ndi nthunzi, ndinawavula n'kuwapukuta ndi nsonga ya mpango. Fungo linali lakwathu, dothi lonyowa, nthochi zovunda, dimba m'mawa mvula itagwa usiku. Nditavalanso magalasi ndinaona chinthu chabuluu, chachikulu ngati chikhatho changa, chikudutsa pamphuno pa mwamuna wanga wamng'ono uja, mdzukulu wobadwira konko, amene Chichewa chake chimathera pa "Agogo", "zikomo" ndi "nsima". Anangoti kukamwa yasa. Ana onse 30 anakhala chete kanthawi kokwanira kumeza malovu, chinthu chimene ine m'kalasi sindinachikwanitsepo popanda kumenya tebulo.

Mpanje, tsitsa mawu, nditamande namkungwi.

Iwe wa malaya obiriwira, wotilondolera m'chimbozi chija, dzina lako sindinalifunse, ndiye landira anga: Namkungwi-wa-agulugufe, Wogwada-pofotokoza, Woloza-osakhudza, Mlonda-wa-timazira, Wofunsa-asanayankhe. Unagwada pa simenti yonyowa kuti maso ako alingane ndi a ana. Malamulo ako anali 2 okha: manja kumbuyo, maso pansi musanaponde. Kenako unafunsa kuti, "Gulugufe akakhala mwana amaoneka bwanji?" Manja m'mwamba. "Amakhala kagulugufe kakang'ono!" kanatero kamtsikana ka magweru. Sunaseke, sunati walakwa. Unati gulugufe wamng'ono ndi wamng'ono mpaka imfa, wamkulu anatuluka ali wamkulu kale, mapiko sakula. Tiyeni tikamufune mwanayo kumene amake anamusiya. Ndipo unatembenuza tsamba.

Mbalule, tsopano lankhula, tafika kwa mnzako.

Namapiko, Woomba-ng'oma-woyamba! Ndakalamba osadziwa kuti ndinu a gulu lathu. Gulugufe wamkazi akafuna kuikira amatera pa tsamba n'kuyamba kuliomba ndi miyendo yakutsogolo, ti-ti-ti, ti-ti-ti, mpaka tsamba litulutse kamadzi kake, ndipo timaubweya ta kumapazi timalawa ngati chimenechi n'chakudya cha ana ake. Likakhala tsamba lolakwika amanyamuka osatsanzika. Wa pa ndimu amafuna ndimu, lalanje ndi abale awo. Caligo wa ku America amafuna nthochi. Mbozi yoswedwera pa mtengo wachilendo ingafe ndi njala masamba ali biriwiri. Mayi-wosayamwitsa, Mayi-wosabereka-kumbuyo, Mayi-wosabwerera-kudzazonda, koma Wosaphonya-khomo-la-nkhokwe! Mwana mumamusiya atagona pa nsima yake. Namkungwi anauza ana kuti aombe zala pa mawondo monga gulugufe aombera tsamba, ndipo m'mimba mwa chimbozi chija munamveka kang'oma ka zala 300. Ine phewa linayamba lokha kugwedera, mdzukulu n'kundikoka malaya: "Agogo, anthu akuona."

Kadzira, Kanjere-ka-mawere, Kamkanda-kogwera-pa-tsamba, Nyumba-yopanda-khomo, Womatidwa-ndi-ulimbo-wa-amake kuti mvula isakukokolole. Ana anakusuzumira pa galasi lokulitsa mmodzimmodzi, osapuma n'komwe. Masiku owerengeka okha mwini nyumba amaboola khoma ndi mano, akatuluka n'kutembenuka kudya nyumba yomwe wabadwiramo. Za iwe ndathera pomwepa, ndiwe wamng'ono ndipo sukhalitsa.

Gunda, lemera, akubwera Nambozi.

Nambozi, Mimba-yoyenda, Thumba-losadzaza, Wokolola-osalima, Wodya-mphasa-yomwe-wagonapo, Wosadziwa-Lamulungu, Wovula-malaya-akathina! Ntchito yanu ndi imodzi ndipo simuichitira manyazi. Khungu likathina mumaling'amba kuseri kwa mutu n'kutulukamo mutavala kale latsopano, kawirikawiri maulendo 4, wa 5 n'kukhala wolowera kutsimba. Ana anakuwerengani miyendo: wina anati 16, wina anati 100, wina anati mulibe. Namkungwi anati yeniyeni ndi 6 yakutsogoloyo, yomwe mudzapite nayo ku ugulugufe. Ina 10 ya kumbuyo ndi yobwereka, yogwirira nthambi, idzatsala. Timaso muli nato 12, koma kuona kwake n'kongosiyanitsa mdima ndi kuwala. Mphuno mulibe, mumapumira timabowo ta m'nthiti. Zonsezi ana anamva n'kugwedeza mitu mwaulemu, koma chimene chinawapha ndi phwete ndi timibulu takuda tomwe tinali mbwee pansi pa tsamba la nthochi. "Ndi manyi!" anakuwa mnyamata wina. Aphunzitsi anatong'ola maso, koma namkungwi sanamuletse. Anati inde, ndipo ukafuna kupeza mbozi yang'ana pansi kaye, ukaona timibulu kweza maso. Amayi anga ankanena zomwezo m'nkhalango ya matondo, popanda yunifolomu.

Pakuti ife a ku Kasungu, Nambozi, tinakudziwani mwa njira ina. Matondo, Ndiwo-yogwa-kumwamba, Nyama-yopanda-fupa, Wotsitsa-nsima-ya-mgaiwa, Ng'ombe-ya-wamasiye! Mvula zoyamba zikamayandikira, mitondo itaphuka masamba anthete, tinkalawira ndi zidebe, kugwedeza nthambi, kutola, kufinya, kufutsa ndi mchere, kuyanika pa mphasa. Ngakhale a nkhalango yosungira nyama ya Kasungu, amene malire awo salumphika mwachisawawa, mu 1990 anayamba kulola midzi yoyandikana nayo kulowa kukatola matondo pa nyengo yake. Ndinamunong'oneza mdzukulu kuti agogo ake anadya mbozi zokwana kudzaza nkhokwe. Anandiyang'ana ngati ndalodza munthu, kenako anathamanga kukauza anzake, ndipo kwa mphindi 5 ana anasiya agulugufe n'kumaonera ine. Namkungwi anandifunsa kuti matondowo akakula amasanduka chiyani. Ndinayankha ndi manyazi kuti m'buku ndikudziwa, amalowa m'nthaka n'kudzatuluka ali agulugufe a usiku, akuluakulu, a maso pa mapiko, koma ndi maso angawa sindinawalondolepo. Tinkawadya asanatiuze nkhani yawo.

Ndisakunamizeni, si mbozi zonse ndingaziombere ng'oma ndi mtima woyera. Chiyabwe chinandisiyira zidzolo m'khosi ndili mtsikana. Kapuchi amaboola phesi. Ntchemberezandonda zachilendo zija, zochokera ku America, zinalowa m'chimanga chathu mpaka mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi. Izo ndi ana a agulugufe a usiku, abale a kadziwotche, ndipo mlimi amene wazipeza m'chimanga chake asandidikire ine kuti ndimalize nyimbo. Chondiwawa n'chakuti mkwiyo wa kumunda tautengera pa mbozi iliyonse, mpaka mwana wa kwathu amaphunzira kuponda asanaphunzire kuyang'ana.

Ng'oma zonse, tsikani. Zii. Tafika kutsimba.

Pakona panali kabati ya galasi, yofunda, m'katimo timitengo topingasa, pa timitengopo zikwa zitalendewera m'mizere ngati ndolo pa benchi ya wogulitsa. Zina zobiriwira ngati mango anthete, zina zofiirira ngati fodya wa m'chigafa, zina zonyezimira ngati wina wazidontheza golide. Nachikwa, Namwali-wa-m'tsimba, Wogona-chozondoka, Wotsekera-chitseko-m'kati, Wosadya-wosamwa, Maliro-onama, Mtolo-wosamasula! Mwana wina anafunsa ngati mwafa. Namkungwi anati tiyeni tidikire, ndipo chikwa chimodzi chinagwedeza kumchira, pang'ono chabe, ngati munthu wotembenuka kutulo. Ana analumpha onse, ndi ine ndemwe.

Ife timati chikwa pa zonse, koma pali kusiyana. Mbozi zambiri za agulugufe a usiku zimaluka bulangete la ulusi n'kudzikulunga, zina zimakumba pansi ngati matondo. Ya gulugufe wa masana imaluka kachigamba ka ulusi pa nthambi, n'kukolekapo mchira, n'kuvula khungu komaliza, ndipo chotsalacho, cholimba ngati chikhadabo, ndi thupi lake lomwe. Tsimba lake ndi iye mwini. M'katimo minofu yambiri ya mbozi imasungunuka kukhala phala. Koma muli timagulu ta maselo tomwe mbozi yakhala ikuyenda nato chibadwire, tobisika ngati ngala za mbewu zopachika kudenga la kukhitchini. Timeneti ndi timene timadya phala lija n'kumera mapiko, miyendo yaitali, maso aakulu ndi nyanga. Tsiku lonse mbozi ikutafuna tsamba, anthu akuinyansidwa, mbewu ya mapiko imakhala ili kale m'kati. Ndipo si zonse zimafufutika. Mu 2008 akatswiri a pa Georgetown University ku Washington anaonetsa kuti mbozi zodya fodya zimene anaziphunzitsa kuopa fungo linalake, zitatuluka ndi mapiko zinkalithawabe fungo lomwelo. Namwali amatuluka ndi nsalu yatsopano, koma njira ya kwa amake amaidziwa.

Kabati zoterezi zili ndi alimi ake. Nyumba za agulugufe za ku Ulaya zimagula zikwa zambiri kumayiko otentha, ku Costa Rica, ku Philippines, ku Kenya, ndipo zimabwera pa ndege zitagonekedwa mu thonje m'timabokosi, mothamangitsana ndi tsiku lotuluka. Ku Gede, kufupi ndi Malindi, ntchito yotchedwa Kipepeo inayamba mu 1993. Anthu ozungulira nkhalango ya Arabuko-Sokoke amaweta mbozi m'makola a neti, kuzithyolera masamba m'mawa ngati mbuzi, n'kugulitsa zikwa. Inu Abusa-a-mbozi, Okolola-osagwetsa-mtengo, Olipira-fizi-ndi-mapiko, landirani ziwiri za mpanje. Munthu amene ndalama yake imalendewera pa tsamba la m'nkhalango, nkhwangwa yake ikachita dzimbiri sadandaula.

Mbalule, konzeka. Koma usafulumire, mwini gule safulumira.

Chikwa chimodzi cha mzere wapansi chinali chitada, khungu lake litapyapyala moti mawanga a mapiko ankaonekera ngati nkhope kuseri kwa katani. Namkungwi anachiona, anatikodola, tinaunjikana. Chinang'aluka chakumutu, mng'alu waung'ono ngati wa nthanga ya dzungu pa phale. Munatuluka mwendo, wina, kenako mutu, kenako thupi lonse linatsetsereka n'kugwira chikhungwa chake ndi tizikhadabo, lende. Ana anakhumudwa, ndinawaona. Chotulukacho chinali chonyowa, mimba yotupa, mapiko ofota ngati kansalu kotafunidwa ndi mbuzi. "Wathyoka," anatero mdzukulu wanga. "Agogo, muthandizeni." Dzanja lake linali litanyamuka kale kulunjika pa galasi.

Ndinaligwira dzanjalo, chifukwa ine ndinathandizapo. Ndili ndi zaka ngati 8 ndinapeza gulugufe wotere pa mpanda wa udzu, ndinamutenga n'kumuwongola mapiko ndi zala kuti ndimuchitire chifundo. Anauma ali chopindika, tsiku lonse ankangozungulira pansi, madzulo nyerere zinamunyamula. Nkhaniyi ndinaisunga ndekha mpaka imvi.

Namkungwi anati yang'anani mimba. Mimba ija inkafinya, kufinya, kukankhira madzi a m'thupi m'timitsempha ta mapiko, ndipo mapiko ankafutukuka ife tikuona, pang'onopang'ono ngati tsamba lanthete la nthochi. Pakamwa pake panali timaulusi 2. Ankatipinda n'kutitambasula, kutipinda n'kutitambasula, mpaka tinalumikizana kukhala bango limodzi lomwera. Akalephera kulumikiza pamenepo, kumwa kumamuvuta moyo wake wonse. Kenako dontho lofiirira linagwera pa pepala la pansi, thapsa. Kamtsikana ka magweru kanayamba kulira kuti magazi. Ayi, anatero namkungwi, ndi zotsala za ntchito ya m'chikwa, akutaya zinyalala asananyamuke. Aphunzitsi a kalasiyo ankangoyang'ana wotchi, pakuti panali mikango ndi anyani akuluakulu aja oti tikaone basi isanabwere, chikhalirecho mapiko amafuna ola limodzi kapena 2 kuti aume. Ana anakana kusuntha. Mayiwo anausa moyo, anapinda pepala la ndondomeko n'kuliika m'thumba, n'kunena kuti mikango idikire. Amayi, amenewo apatseni nthungululu yawoyawo.

Ndi inunso ana, Mphuno-pa-galasi, Mafunso-osatha, Osachita-manyazi-kusadziwa, Oyiwala-chimbudzi-pa-zosangalatsa, Mboni-za-tsiku-lobadwa! Inu amene munafunsa ngati amake abwera kudzamutenga, ngati akudziwa kuti ndi wokongola, ngati mungamupatse bisiketi. Munaima pa malo amodzi nthawi yaitali kuposa imene akuluakulu amati mwana angaime. Sitinamuone akuuluka. Tinamusiya atatambasula, akutsegula ndi kutseka ngati munthu woyesa chitseko chatsopano.

Tsopano zonse pamodzi! Mpanje, gunda, mbalule, manja, mapazi, fumbi koboo! Namwali watuluka m'tsimba!

Morpho wa m'nkhalango za ku America, Thambo-lodulidwa-ndi-lumo, Wabuluu-wopanda-utoto, pakuti buluu wanu sapezeka munthu akapera phiko, ndi timamba tosanjikana tomwe timaswa kuwala. Mukatseka mapiko ndinu tsamba louma, mukatsegula ndinu Nyanja ya Malawi masana. Caligo, Maso-a-kadzidzi-obwereka, Chidakwa-cha-pa-nthochi-zovunda, wokhala pa mbale osasuntha ngati mkulu pa chipanda. Greta, Zenera-louluka, Wovala-koma-osaoneka, amene ana anaona mitsempha ya tsamba kudzera m'phiko lanu. Ndi inu a Atlas a ku Asia, Mfumu-ya-a-usiku, mapiko otambalala mpaka masentimita 24, Wopanda-kamwa, Wodya-za-ubwana, amene mumakhala sabata imodzi kapena 2 pa mafuta omwe mbozi inasunga, ntchito n'kupeza banja basi. Nonse Ofolera-ndi-ufa, pakuti kaufa kotsala pa zala za wokugwirani ndi mamba anu, oyalidwa ngati udzu wa padenga, ndipo akachoka sameranso. Mitundu ya agulugufe a masana padziko imaposa 17,000, ndipo aliyense wa inu anayamba ali mbozi yomwe wina akanaiponda.

Ndi inu akwathu, oyera ndi achikasu a pa dooko, Msonkhano-wa-pa-matope, amene mumaunjikana pomwe ng'ombe yakodza. Tinkati mukumwa madzi, kani ambiri ndinu amuna, mukutapa mchere woti mukapereke kwa akazi pokwatirana kuti uthandize mazira. Chiwongo cha mchere wa pa matope! Ankhoswe ake ndani?

Tikutuluka, mmodzi wa inu anatera pa mpango wanga wamaluwa, mwina pouyesa dimba. Ndinauma gwa. Ana anandizungulira akunong'ona, ndipo ndinamva timiyendo tikuyenda pamutu panga, topepuka ngati maganizo a mwana. Mdzukulu anafunsa, "Agogo, kwanu amati chiyani?" Ndinati si kwanu, mwamuna wanga, ndi kwathu, kwathu timati gulugufe. Anayesa, lilime linapunthwa, anayesanso. Gu-lu-gu-fe. Mnzake anatola, winanso anatola, ndipo m'basi pobwerera ana 30 a ku London ankaomba mipando, gu-lu-gu-fe, gu-lu-gu-fe, mpaka dalaivala anasuzumira pa galasi. Tamverani dzinalo, anyamata a ng'oma: gunda ali momwemo, mpanje ali momwemo. Amene analipeka anali ndi chikopa pansi pa zikhatho.

Ndi iwe Vanessa cardui, wofiirira wa mawanga akuda ndi oyera, Wopanda-pasipoti, Wosafola-pa-ofesi-ya-viza, Mtchona-wobwerera-mwa-adzukulu! Kulemera sufika galamu imodzi, koma umanyamuka ku Africa, kulumpha chipululu cha Sahara ndi nyanja, kukafika ku Britain ndi kupitirira. Ulendo wopita ndi kubwera ungakwane makilomita 14,000, ndipo mmodzi sautha, umatenga mibadwo mpaka 6. Wonyamuka ndi gogo, wobwerera ndi chidzukulu chomwe sichinaonepo kwawo, koma njira sichisochera. Pamenepo ndinamuyang'ana mwamuna wanga wamng'ono uja, atagona pa phewa langa chipewa chitapendekeka, sindinanene kanthu.

Ng'oma imodzi ipite kwa Maria Sibylla Merian, wobadwira ku Frankfurt mu 1647, nthawi imene anthu ambiri ankati mbozi zimangophuka m'matope ndi m'zovunda. Ali ndi zaka 13 anayamba kuweta mbozi za silika n'kumazijambula. Mu 1699, ali ndi zaka 52, anakwera chombo ndi mwana wake wamkazi kupita ku Suriname, ndipo buku lake la mu 1705 linaonetsa mbozi, chikwa ndi gulugufe pamodzi ndi chomera chomwe amadya. Wodikira-ndi-burashi, Mboni-ya-zikwa, Nachisale-wa-ana-ofunsa! Ina ipite kwa akapolo ochokera ku Africa ndi eni nthaka a ku Suriname omwe ankamulambulira njira m'thengo, kumubweretsera mbozi ndi kumuuza ntchito za zomera, amene mayina awo sanalembedwe. Gunda, awa uwaombere nthawi yaitali.

Tsopano ngongole ija. Zaka 27 ndinkajambula pa bolodi mkombero wa mivi 4: dzira, mbozi, chikwa, gulugufe. Ana ankabwereza mokuwa mpaka kalasi yoyandikana inkadandaula, pa mayeso ankakhoza, ine n'kumachonga ndi cholembera chofiira, mtima uli m'malo. Kuseri kwa kalasiyo, mapazi osakwana 20 kuchokera pa bolodi, kunali mtengo wa ndimu. Chaka ndi chaka gulugufe wakuda wa mawanga achikasu ankabwera kudzaomba ng'oma yake pa masamba anthete, ine ndili kalikiliki ndi choko, nditamufulatira. Tsiku lina ndinatuma ana omwewo kuti akaphe mbozi zomwe zinkadya ndimu ya aphunzitsi, atangomaliza kukopera mkombero uja m'makope. Anapita akuimba, anabwera zala zikununkha. Palibe mwana anafunsa kanthu, ndipo ine sindinaone chachilendo.

Iwe wa pa ndimu, Papilio demodocus m'mabuku, Mnansi-wosalonjeredwa, landira mayina ako mochedwa. Chitosi-chonama, pakuti uli wamng'ono umavala zakuda ndi zoyera n'kugona pamwamba pa tsamba ngati chitosi cha mbalame, mbalame n'kukudutsa monyansidwa. Wosintha-yunifolomu, pakuti pa chovala chomaliza umasanduka wobiriwira ngati tsamba lomwe ukudyalo. Wanyanga-zobisa, pakuti mwana akakugunda ndi kaudzu umatulutsa kuseri kwa mutu kamphanda kofiira, konunkha ngati ndimu yovunda, woti akudye n'kubwerera. Womanga-lamba, pakuti polowa m'chikwa umadzimangirira ku nthambi ndi kaulusi m'chiuno, mutu m'mwamba, ngati mnyamata wa magetsi pa pholo. Iwe sufuna ndege, sufuna thonje, sufuna nyumba yofunditsa kapena tikiti ya pakhomo. Uli ku Chinsapo, uli ku Ndirande, uli ku Chipata ndi ku Tete, paliponse pamene munthu anabzala ndimu kapena lalanje.

Mbalule, tsitsa, ndilankhule ndi eni ana.

Inu aphunzitsi a sitandade 1 ndi 2, inu amayi, agogo, atsibweni, dzinja lino ndimu ikaphuka itanani ana musanaitane mankhwala. Tengani chigubu choonekera cha malita 5, muchidule kukamwa. Musatseke ndi neti ya udzudzu, ija ili ndi mankhwala, ipha mlendo. Kansalu kopyapyala ndi mphira n'zokwanira. Ikanimo mbozi imodzi kapena 2, kamtengo koimirira, ndi masamba atsopano a mtengo womwe mwaipezawo tsiku lililonse. Timibulu ana azitaya okha, ntchito imeneyo amailimbirana. Chigubu chikhale pamthunzi pomwe nyerere sizifika. Ikalowa m'chikwa musaigwedeze. Nyengo yotentha amatuluka pakatha masabata 2 kapena 3, kawirikawiri m'mawa. Mukaona chikwa chada, tsiku limenelo masamu adikire. Mapiko akauma, tulukani naye panja, ndipo mwana wamng'ono kwambiri m'kalasimo ndiye achotse kansalu.